Oyilo wa Kuchigayo

Amuna anga anagula pikapu chaka chomwe mwana wathu wachiwiri anayamba kuyenda. Inali yoyera, ya dizilo, yogwirapo kale ntchito ku esiteti ya tiyi, koma injini yake inali idakali yamphamvu. Anaigula ndi thukuta la kumigodi ya ku Joni, komwe anasiyako mano ena ndi chifuwa chabwino. Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinafika ku Nkhata Bay ndi bambo anga amene anali kalaliki pa boma, ndipo iwo atasamutsidwa ine ndinatsala, nditakwatiwa ndi Mtonga. Tinkakhala kumtunda kwa Chikale, pamalo a makolo a amuna anga, pafupi ndi apongozi anga aakazi.

Ntchito ya pikapu ija inali nsomba. Tinkagula usipa wouma ndi batala wowamba kwa asodzi, amuna anga n'kukwera nazo ku Mzuzu, pobwera n'kutsika ndi chimanga, nyemba ndi kabichi. Ine ndinkagulitsa zimenezo pamsika. Sitinali olemera, koma ana ankavala nsapato, ndipo anthu ankaziona.

Pa zinthu zonse za galimoto, chomwe amuna anga sankachita nacho masewera chinali oyilo. Tayala ankayenda nalo mpaka ulusi wake kuonekera, chitseko cha kumbuyo ankamanga ndi waya, koma oyilo ayi. Ankagula wa m'chitini chomata, pamalo omwetsera mafuta ku Mzuzu, ndipo ankaonetsetsa kuti ndi wa injini za dizilo. Wa m'mabotolo a pamsika sankamuyang'ana n'komwe. Tsiku lina ndinawafunsa ngati oyilo sangokhala oyilo basi. Anandiuza kuti injini ya dizilo imapanga mwaye wambiri, ngati khitchini yophikira nkhuni zaziwisi, ndiye imafuna oyilo wotha kunyamula mwayewo osaulola kukhazikika. Wa magalimoto a petulo amafooka msanga. Wopepuka kwambiri, ndi kutentha kwa kunyanja kuno komanso chikweza cha ku Mzuzu, amasanduka madzi.

Ankasintha oyilo Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango, iwo atagona chagada pa chiguduli, ine nditagwira beseni. Wakale uja, wakuda bii, tinkapaka mitengo ya mpanda kuti chiswe chisadye. Chomwe chinkandidabwitsa n'chakuti watsopano naye, wooneka ngati mafuta ophikira, pakangopita masiku ochepa ankadanso. Iwo ankati pa dizilo kuda si kutha. Wabwino ndi woipa maso sangasiyanitse, umachita kumutikita ndi zala.

Kenaka zinafika zaka zomwe nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zathu za kudoko. Dizilo ankasowa, oyilo ankasowa kuposa dizilo. Eni magalimoto anayamba kusefa oyilo wakale ndi nsalu n'kumuthiranso. Nthawi imeneyo ndi yomwe m'sitima ya panyanja munatsika bambo wina ndi katoni ya tizitini ting'onoting'ono. Ankati ndi mankhwala a injini ochokera kunja. Anakhazikika pakhonde la sitolo ina moyang'anizana ndi pomwe ndinkagulitsira nyemba, ndiye zonse ndinkaziona. Ankathira oyilo wakuda m'mbale, n'kudonthezeramo mankhwala aja, okhuthala ngati uchi wa m'nyengo yozizira, n'kutakasa ndi kamtengo. Akakweza kamtengoko oyilo ankatsatira, kunanda ngati therere.

"Taonani, wadzuka," ankatero. "Uyu muyenda naye chaka china."

Amuna anga anaimapo tsiku lina, anagwira ndi zala, n'kupukutira ku thalauza. Kunyumba anandiuza kuti mankhwala aja si bodza lenileni. Injini yokalamba, yotulutsa utsi, ukathiramo pang'ono pamwamba pa oyilo wabwino imatha kuchepetsa phokoso. Koma kudzutsa oyilo wakufa sangathe, amangomukhuthalitsa, zinyalala zonse zili momwemo. "Ndiwo zosasa sizikhala zatsopano chifukwa mwathiramo nsinjiro," anatero. Iwo anayenda maulendo angapo ku Mzuzu akuchonderera mnzawo wa pamalo omwetsera mafuta, mpaka anawapezera chitini chimodzi chomata. Anabwera nacho atachikulunga m'jekete ngati khanda. Loweruka lotsatira tinasintha oyilo, ndi sefa yake yomwe.

Amene anagula tizitini tija mosaumira anali alamu anga, akulu awo a amuna anga. Iwo anali ndi chigayo kuseri kwa msika, cha injini ya dizilo nachonso, ndipo anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wokhala ndi mpando ngati umenewo sunkamuyankha mokweza mawu. Ku Joni iwo sanapiteko. Pikapu itabwera anaizungulira, anamenya tayala ndi phazi, n'kunena kuti galimoto ya mng'ono ndi ya mkulu yemwe. Tonse tinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Akakhala okondwa ankandiyankhula m'Chitonga, chomwe ndinali nditachiphunzira. Akafuna kundikumbutsa kuti ndine mlendo ankandiyankhula m'Chichewa cha m'maofesi, cholemera, chokhala ndi Chingelezi apo ndi apo.

Patangopita masiku ochepa tisinthire oyilo, amuna anga anadwala malungo aakulu, anagonekedwa kuchipatala. Ali komweko alamu anabwera kudzatenga makiyi, akuti akatute chinangwa chouma kwa alimi a kumtunda. Anabwera ndi apongozi, ndipo apongozi ndi amene analowa kuchipinda kwathu n'kukatenga makiyiwo pamsomali. Mtengwa alibe mawu pa zinthu zotere. Pikapu inabwera mawa lake, yotsukidwa bwino, itathiridwanso dizilo. Ndinathokoza.

Amuna anga anatuluka m'chipatala atatha thupi, maso ali achikasu. Asanapeze ndi mphamvu yomwe, kunabwera uthenga woti ku Mzuzu kuli msonkhano waukulu, amayi onse akavine, ndipo galimoto iliyonse ya m'tauni inyamule anthu. Sankapempha. Ankangokuuza nthawi yoti ufike.

M'mawa wa tsikulo tinasonkhana pabwalo la pafupi ndi msika, tonse titavala nsalu za chipani. Ine ndinali m'gulu lokwera pikapu yathu. Amayi anayamba kukwera akuimba, ochuluka kuposa momwe galimoto ija inanyamulirapo matumba. Amuna anga, monga mwa chizolowezi chawo, anatsegula boneti n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Ndinali nditaima pambali pawo. Oyilo anali wodzaza bwino, wakuda monga mwa masiku onse. Anatenga pang'ono n'kutikita pakati pa zala. Anasiya. Anatikitanso, n'kununkhiza. Kenaka anatembenuka kuyang'ana akulu awo, amene anali ataima chapomwepo ndi anyamata a chipani ovala malaya ofiira.

"Achimwene, galimotoyi ndikanakonda isapite lero."

"Yatani?" anafunsa alamu.

"Oyilo sali bwino."

Mmodzi wa anyamata aja, amene anali mkulu wawo, anayandikira n'kusuzumira. "Wachepa?"

"Sanachepe."

"Nanga vuto n'chiyani, ada? Kapena simukufuna amayiwa akavine?"

Funso limenelo masiku amenewo linalibe yankho lachiwiri. Amuna anga anayang'ananso akulu awo. Alamu ankayang'ana wotchi yawo. Boneti inatsekedwa, tinanyamuka.

Mpaka pa Mpamba tinayenda bwino. Titayamba chikweza ndinamva kugogoda kuchokera kutsogolo, pang'onopang'ono, ngati munthu akukhoma msomali kutali. Amayi ankaimba, ambiri sanamve. Ine ndinamva chifukwa injini ija ndinkaidziwa mawu ake ngati kulira kwa mwana wanga. Galimoto inaima m'mbali mwa msewu. Kudzera pagalasi la kumbuyo ndinaona amuna anga akuloza kagetsi kofiira, mnyamata wa malaya ofiira uja, amene anakhala nawo kutsogolo, akuloza msewu. Anakangana pang'ono. Kenaka mnyamatayo anamenya ndi dzanja patsogolo pake, ndipo galimoto inalizidwanso. Kugogoda kuja kunakula mpaka nyimbo inaduka yokha. Tinakwera kamtunda kamodzi. Pa kachiwiri injini inakuwa ngati nkhumba yobayidwa, galimoto inagwedezeka, n'kukhala chete. Utsi unatuluka m'mbali mwa boneti. Inali itanoka.

Tinatsika. Amayi ena anayamba kulira, osati chifukwa cha galimoto, koma chifukwa gulu losafika pamsonkhano linkafunsidwa mafunso. Tinakhala m'mbali mwa msewu dzuwa likutiwamba mpaka kunabwera lole yomwe inali itasiya kale anthu ku Mzuzu. Inatitenga, koma tinakafika magule a boma lathu atadutsa. Pobwerera amuna anga sanakwere nafe. Anawakweza m'galimoto ina, atakhala pansi pakati pa anyamata aja. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuweramitsa mutu.

Mawa lake tauni yonse inkadziwa mlandu wawo. Akuti anachita dala. Akuti m'mawa womwewo anakana pamaso pa anthu. Akuti anthu obwera ku Joni amabwera ndi maganizo oipa. Anawatsekera m'kachipinda kena kuseri kwa maofesi, ndipo chakudya chomwe ndinkapititsa ankachilandirira pakhomo, ine osawaona. Pamsika amayi omwe tinkagawana nawo mchere anasuntha malichero awo. Nyemba zanga palibe ankagula.

Ndinapita kwa alamu. Ndinagwada pabwalo pawo, m'fumbi, ndikulira, kuwapempha kuti akalankhule. Anandimvetsera atakhala pampando, kenaka anayankha m'Chichewa chawo chija.

"Nkhaniyi ndi yolemera, ama. Mng'ono wanga anayankhula mosaganiza pamaso pa anthu. Ine ndikalowererapo msanga aziti ndikuikira kumbuyo wachibale. Tiyeni tidikire."

Ndinathokozanso. Kugwada kumeneko ndikakukumbukira mpaka lero mtima umawira.

Masiku anapita. M'mawa wina ndinatsikira kunyanja ku Chikale kukachapa. Ndinasankha mwala wakutali chifukwa ndinali nditatopa ndi maso a anthu. Ndili pakati pochapa kunabwera akazi awo a alamu, mayi wofatsa wa ku Usisya, amene ine ndinkawatcha achemwali. Anaika beseni lawo pafupi ndi langa, chinthu chomwe palibe wina ankachita masiku amenewo. Anachapa malaya amodzi mpaka kutha. Kenaka anayankhula m'Chitonga, maso ali pa zovala.

"Mng'ono wanga, ine sindikugona. Beseni ndinagwira ndine."

"Beseni lanji, achemwali?"

Anandifotokozera. Chinangwa cha kumtunda kunalibe. Pikapu anailowetsa kuseri kwa chigayo, n'kutseka mpanda. Injini ya chigayo inali itayamba kutentha ndi kutsokomola chifukwa oyilo wake anali atakhalitsa, wosefedwasefedwa, wodzaza ndi fumbi la ufa. Alamu anamasula pansi pa pikapu n'kukhetsa oyilo wathu yense watsopano uja, kumuthira m'chigayo. Wa m'chigayo uja anamutakasa ndi mankhwala a m'tizitini mpaka kunanda, n'kumuthira m'pikapu kufika pa mzere wake. Kenaka anawauza achemwaliwo kuti aitsuke galimotoyo.

"Ndinawafunsa kuti kodi sizionongeka? Anati nkhani za injini si za akazi. Chonde musanditchule. Andipha."

Ndinasiya zovala pamwala pomwepo. Sindikumbukira njira yomwe ndinadzera. Ndimangokumbukira kuti ndinafika pachigayo nsalu yanga idakali yonyowa, amayi ali pamzere ndi madengu a chinangwa, injini ikulira mosalala, mokoma, ndi oyilo yemwe amuna anga anabwera naye atamukulunga m'jekete. Alamu anali pakhomo, ufa uli mbuu m'tsitsi.

"Alamu, ndabwera kudzaona oyilo wa amuna anga."

Anayang'ana amayi a pamzere, n'kundikodola kuti tipite kuseri. Kumeneko pansi panali padakali banga lakuda, ndi mizere ya matayala.

"Wakuuzani ndani?"

"Makutu ndili nawo. Mwezi watha injini yanuyi inkamveka mpaka pamsika ikutsokomola. Ndipo apa mwaimapa pali matayala a galimoto yathu."

Sanakane. Chimenecho n'chomwe chinandiwawa kwambiri, sanaone ngati pali chokana. Anati anangobwereka. Anati chigayo chikaima tauni yonse igona ndi njala, pamene pikapu imadyetsa nyumba imodzi. Anati sanaisiye youma, anathiramo oyilo wokwanira ndi mankhwala osaumira, ndipo wogulitsa uja ananena yekha kuti oyilo wotero amayenda chaka.

"Ngati mankhwalawo ndi abwino chotero," ndinatero, "bwanji simunathire m'chigayo mwanumu?"

Anapukuta ufa kumaso ndi kansalu, n'kutsitsa mawu.

"Ama, samalani pakamwa. Muli ndi ana. Mawu oti tcheyamani ndi amene analepheretsa amayi kukavina, mukudziwa komwe amamufikitsa munthu?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikawanenera pakati pa msika, tsiku lomwe sitima yafika, m'Chichewa chomwe mabwana a pa boma amamva bwino. Akanditenga anditenge, koma akabweranso kudzaona banga ili. Mng'ono wanu watuluka m'chipatala dzana lomweli, inu mukumusiya agone pa simenti kuti chigayo chanu chizilira. Dzuwa la mawa lisalowe asanafike kunyumba."

Sindikudziwa ngati ndikanachitadi zimenezo, chifukwa akanafufuza akanafika kwa achemwali aja. Koma alamu sankadziwa zomwe zinali mumtima mwanga, ndipo anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

Mawa lake masana amuna anga anabwera. Anatsika m'galimoto ya boma pamsewu, akulu awo atawagwira mkono. Ankayenda ngati nkhalamba. Kukhutu la kumanzere kunali magazi ouma, ndipo khutu limenelo silinamvenso mpaka imfa yawo. Apongozi analuluta, abale anasonkhana pabwalo, ndipo alamu anakhala pakati n'kuyamba kufotokoza. Anati anapita yekha kwa akuluakulu. Anati anaika mpando wawo pachiswe. Anati anawauza kuti galimotoyo inali yokalamba kale, yogula kwa azungu itatha, ndipo mng'ono wawo ndi munthu wosaphunzira amene sadziwa kuyankhula koma alibe mtima woipa. Anthu ankagwedeza mitu. "Yewo, ada, yewo," ankatero mmodzimmodzi. Ine ndinali kukhitchini ndikutenthetsa madzi osamba, ndikumva mawu aliwonse.

Ndinadikira masiku angapo kuti amuna anga ayambe kudya. Pikapu inali itakokedwa ndi lole n'kusiyidwa pansi pa mango. Masana ena ndinawapeza atakhala pachiguduli pafupi nayo, akungoyang'ana. Ndinakhala kumanja kwawo, kukhutu lomwe linkamva, n'kuwauza zonse, kupatula dzina la amene anandiuza.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ndinadziwa m'mawa womwe uja."

"Munadziwa?"

"Ndinamva timchenga pazala. Ndipo ankanunkha ufa wa chinangwa wopserera. Oyilo wa fungo limenelo m'tauni muno amapezeka pamalo amodzi."

"Ndiye munangokhala chete? Anthu aja akukumenyani, inu munangokhala chete?"

"Ndikananena chiyani? Kuti achimwene anga ndi amene achita? Akanatitsekera tonse. Amayi akanatsala ndi ndani?"

"Nanga ine ndi ana tikanatsala ndi ndani?"

Anangoti nkhaniyi ithere pomwepa, magazi ndi amodzi, ndipo ine ndisakaitchule kwa apongozi. Ndinawayang'ana, munthu amene ankakana oyilo wa m'botolo, amene ankatha kukwera ku Mzuzu kangapo chifukwa cha chitini chimodzi, akumeza chinthu chotere ngati phala. Ndinawamvera chisoni ndipo ndinawakwiyira, zonse nthawi imodzi, ndipo mkwiyo ndi umene unali waukulu.

Sabata yomweyo apongozi anandiitana. Anati mwambo wake ndi woti banja lopulumutsidwa lipite kukathokoza, ndiye ndigwire thadzi lonenepa ndikapereke kwa alamu, ndikagwade.

"Amayi, ine sindipita."

"Mwati chiyani?"

"Ndati sindipita. Ndinagwadako kale."

Apongozi anaitana amuna anga, n'kuwafunsa ngati ku Dedza anthu amaleredwa chotere. Anati ichi n'chomwe ankaopa mwana wawo akukwatira mlendo. Ine ndinangokhala pamphasa, manja ali pamiyendo, mawu ali pakhosi pomwepa. Ndikanatha kuwatulutsa. Ndinaganizira achemwali a ku Usisya, n'kuwabweza. Amuna anga anadzuka, anazungulira kuseri, ndinamva nkhuku zikuthawa. Anadutsa pabwalo thadzi langa lili m'khwapa, lomwe ndinkalisungira kuti liikire mazira a ana, akuyenda mopendekera kumbali ya khutu lakufa lija. Anakapereka okha.

Makaniko wa m'tauni atamasula injini anandiitana kuti ndidzaone, poti ndinali nditaima chapafupi. Pansi pake panali chiphala chakuda chomwe ankachita kuchipala ndi supuni. Kasefa kokokera oyilo kanali katatsekeka, moti oyilo sankakwera n'komwe. Tizitsulo tomwe chitsulo chachikulu cha m'kati chimazungulirapo tinali titasungunuka, ndipo chitsulo chachikulucho chinali chitakalika mizere. Anati chimafunika kupita ku Blantyre, ndipo zotsalazo m'dziko muno munalibe. Anafunsa amuna anga kuti oyilo ameneyu anamutenga kuti, munthu wosamala ngati iwo. Amuna anga anati sanamve funsolo.

Pikapu inakhala pamiyala. Amuna anga anakapeza ntchito yoyendetsa lole ya wamalonda wina wa ku Mzuzu, ankabwera kumapeto a mwezi. Ine ndinapitiriza za nsomba, ndikukweza madengu pa basi, kukangana ndi makondakitala, kubwera nditanunkha usipa mpaka m'tsitsi. Wogulitsa mankhwala uja anakwera sitima n'kupita, tizitini take tinatsala tikuchita dzimbiri m'mashelefu a anthu. Sindinamukwiyire kwenikweni. Iye ananama monga amanamira aliyense wogulitsa pakhonde. Amene ndinawakwiyira ndi amene anamva bodzalo, n'kulikhulupirira mokwanira kuliyesa pa galimoto ya mng'ono wawo koma osati pa injini yawo.

Kuchigayo kwa alamu sindinapondekonso. Chinangwa changa ndinkasinja mumtondo, manja mpaka kuchita zikang'a, ndipo apongozi ankauza anthu kuti ndine wonyada. Achemwali a ku Usisya tinkapatsana moni kutchalitchi, nthawi zina ankanditumizira ufa wogaya kale kudzera kwa ana. Ndinkaubweza. Ndikudziwa kuti zinkawapweteka, koma ufa umenewo sukanatsika pakhosi panga. Nkhani ija sitinaitchulenso, ndipo amuna awo sanadziwe.

Patapita zaka kunabwera bambo wina wa ku Rumphi amene anali ndi injini koma analibe galimoto. Anagula pikapu ija momwe inaliri, n'kuikoka. Tsikulo ine sindinatuluke m'nyumba. Alamu anabwera kudzathandiza kukambirana, monga mkulu wa banja, ndipo ndinawamva akuuza wogulayo kuti galimotoyi inali yabwino, kungoti mwini wake sankaisamala.

Abale awiri aja anapitiriza kukhala ngati palibe chinachitika. Amuna anga akabwera kumapeto a mwezi, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, akulu awo ankabwera kudzasewera bawo pakhonde pathu. Ankaseka, ankanyozana za masewera, alamu akuchita kukuwa kuti mng'ono wawo amve. Ine ndinkawapatsa madzi akumwa nditagwada, chifukwa ana ankaona, ndipo ndinkafuna akule aulemu. Kangapo ndinawafunsa amuna anga kuti amatha bwanji. Ankati, "Mukufuna ndichite chiyani, mayi? Ndikhale wopanda mbale?" Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, choti munthu uja anene ndi pakamwa pake kuti analakwa, ngakhale kuseri kwa nyumba, ngakhale kwa mng'ono wake yekha. Sananene.

Amuna anga anamwalira ndi chifuwa chawo cha kumigodi chija. Pamaliro alamu ndi amene anayankhula m'malo mwa banja. Anaima pafupi ndi bokosi, atavala jekete, n'kunena kuti iwo ndi malemu anali ngati chala ndi chikhadabo, kuti sanayambanepo chibadwire. Kenaka anayamba kufotokoza za chaka chomwe mng'ono wawo anagwa m'mavuto, ndi momwe iwo anaperekera khosi lawo kuti amuwombole. Anthu ankang'ung'udza movomereza. Ine ndinadzuka pakati pa mawu awo, namfedwa amene sayenera kusuntha pamphasa, n'kulowa m'nyumba. Amayi a kutchalitchi anaganiza kuti chisoni chandikulira. Ananditsatira, anandikhazika pabedi, wina n'kundipatsa madzi m'kapu. Ndinamwa, n'kuwapempha kuti atseke zenera.